Ndalama zanga za airsoft zitsala kubwalo laling'ono

Loweruka limodzi pamwezi ndimadzuka mbandakucha, kuponya chikwama m'galimoto n'kulunjika kunkhalango ina kunja kwa tauni imene ndimakhala kuno ku England. Kumeneko timasewera airsoft. Magulu awiri amasakana m'mitengo ndi mfuti zotulutsa timipira tapulasitiki ta mamilimita 6, timene timangoti ma BB. Tsiku lina alamu anga anandipeza ndikupukuta mfuti yanga pakhonde, ndipo sanapite m'mbali: "Alamu, zimenezi zakudyerani zingati?" Linali funso lachilungamo.

Masewerawa anachokera ku Japan m'zaka za m'ma 1970, dziko limene malamulo ake salola munthu wamba kukhala ndi mfuti mwachisawawa. Anafala kwambiri kampani ya Tokyo Marui itatulutsa mfuti yoyendera batire mu 1991. Kuno ku Britain, lamulo la 2006 lotchedwa Violent Crime Reduction Act limaletsa kugulitsa mfuti yoseweretsa yofanana ndi yeniyeni kwa munthu wopanda chifukwa chovomerezeka. N'chifukwa chake ogulitsa anakhazikitsa kaundula wa UKARA. Kuti dzina lako lilowemo uyenera kusewera katatu pabwalo limodzi lolembetsedwa, ndipo masiku atatuwo atalikirane kufika miyezi iwiri. Usanatero umabwereka mfuti, kapena kugula yopakidwa utoto wowala. Ambiri amadandaula nalo lamuloli, koma ine ndimaliyamikira, chifukwa limakukakamiza kulawa kaye usanatsegule chikwama cha ndalama.

Alamu ndinawawerengera motere. Kubwalo kwathu tsiku limodzi ndimalipira mapaundi 30, ndipo wobwereka zida amawonjezera ena 20. Mfuti yanga yoyamba ndinagula mapaundi 160, batire ndi chochajira 40. Botolo la ma BB silidutsa mapaundi 12 ndipo limandikwanira masiku awiri. Pamenepa masewera atheka kale. Zotsalazo ndi chilakolako: yunifolomu yonga ya asilikali, wailesi yam'khutu, mfuti yachiwiri ndi yachitatu, mpaka magalasi oonera usiku a mapaundi masauzande. Malo awiri okha ndi amene sindiumirapo ndalama, ndiwo jombo zabwino ndi zoteteza maso ndi pakamwa. Ndinaonapo mnyamata atatsitsa chigoba chake kwa kamphindi kuti apume bwino. Ka BB kamodzi kanamubenthula dzino lakutsogolo, ndipo ndalama za dokotala wa mano zinaposa mtengo wa mfuti yake.

Nkhani imene imatigawa osewerafe ndi ya masewera akuluakulu. Mwezi wa Ogasiti anthu amakhamukira ku National Airsoft Festival pafupi ndi Ringwood, ndipo nthawi ina pachaka ena amaoloka nyanja kupita ku Berget ku Sweden kumene nkhondo yongoyerekeza imatenga masiku angapo. Kumeneko sindinafikeko. Ine ndinapita ku ena, a masiku atatu, kumpoto kwa dziko lino. Nditaphatikiza tikiti, mafuta agalimoto, tenti, chakudya ndi ma BB, zinayandikira mapaundi 400. Imeneyo ndi ndalama yolowera kubwalo kwathu chaka chathunthu, n'kutsalako ya tiyi.

Sindinganame, zokoma zinalipo. Kuona anthu mazanamazana akutsika phiri nthawi imodzi, utsi uli tolotolo, thupi limachita tsemwe. Usiku tinakhala kunja kwa matenti ndi anyamata a ku Poland, tikugawana soseji ndi nkhani mpaka tulo kutigwira. Koma mmawa wa tsiku loyamba unathera pamzere wopimitsa mphamvu ya mfuti. Kupimako n'kofunika, chifukwa kuyambira 2017 lamulo limati mfuti yowomba mosalekeza isapitirire majoule 1.3, koma anthu akachuluka mzerewo umadya maola. Ukawomberedwa, unkayenda mphindi 20 kubwerera poyambira. Ndinayenda kwambiri kuposa kusewera.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinandiwawa ndi ichi. Airsoft si paintball, ka BB sikasiya utoto pachovala. Masewera onse atsamira pa chinthu chimodzi: ukamva kakukhudza, umakweza dzanja, kufuula kuti "hit", n'kutuluka wekha. Palibe wokukakamiza. Tsiku lachiwiri ndinakwawa m'matope mpaka kufika kumbuyo kwa bambo wina wovala zida zodula. Ndinawomba, ndipo ndinaona ndi maso angawa timipira tikunjanja pamsana pake. Anacheuka, tinayang'anizana, kenako anatembenuka n'kupitiriza kuwombera anzanga. Ankadziwa kuti pakati pa chinamtindi chotero sitidzaonananso, ndipo woyang'anira masewera anali kutali. Zoterezi zinachitika kangapo tsiku lomwelo, mpaka anthu oona mtima nawonso anayamba kuumitsa khungu.

Kubwalo kwathu timakhala anthu 50 kapena 60, ndipo timadziwana nkhope. Woyang'anira amatiitana ndi mayina. Mwezi watha kamnyamata ka zaka 14 kanabisala kuseri kwa mulu wa matayala, palibe amene ankakaona. Mwadzidzidzi tinangomva kakufuula, dzanja lili m'mwamba. Ka BB kosochera kanali katakakhudza chigongono, ndipo ngakhale wowomberayo sanadziwe. Kanatuluka kakumwetulira, gulu lake n'kuluza gawo limenelo. Pa nkhomaliro akuluakulu anakagwira chanza mmodzimmodzi. Mapaundi 30 anga amagula zimenezo, ndipo mapaundi 400 aja sanandigulire.

Amene wasewera chaka chimodzi kapena ziwiri, ali ndi anzake oyenda nawo ndipo ndalamayo siichoka pa lendi kapena pa zimene amatumiza kumudzi, apite kamodzi ku masewera akuluakuluwo akaone yekha. Woyamba kumene asapite, adzatopa ndi kuyenda n'kudana nawo masewerawo. Ine chaka chino anzanga akulembetsa, koma dzina langa sindinapereke. Ndalamayo ndayamba kale kuigwiritsa ntchito: mwana wa alamu aja wakwanitsa zaka 13, ndamugulira magalasi ndi chigoba chake, ndipo Loweruka likubwerali tinyamuka limodzi 6 koloko mmawa.