Mutu waching'alang'ala ndi nkhomaliro ya 3 koloko

Mndandanda wa zakudya zoletsedwa kwa odwala mutu waching'alang'ala, umene anthu akupatsirana pa mafoni m'maofesi a ku City Centre ndi m'nyumba za mipanda za ku Area 14, umayamba ndi chizi chokhalitsa, vinyo wofiira, chokoleti ndi masoseji, ngati kuti Mmalawi amadya zimenezi tsiku ndi tsiku. Mlonda wa pageti ndi mayi wochapa m'nyumba zomwezo amagwidwanso ndi mutu womwewu, chonsecho chizi amangochiona m'firiji ya abwana, ndipo izi zokha zikadakwanira kusonyeza kuti mndandandawo unalembedwera anthu a kutsidya kwa nyanja.

Mutu waching'alang'ala ndi matenda a ubongo ndi minyewa yake, amene nthawi zambiri amayenda m'magazi a banja, ndipo ululu wake kawirikawiri umagwira mbali imodzi ya mutu, n'kumagunda kwa maola 4 mpaka 72 ngati munthu sanalandire thandizo, limodzi ndi nseru, kusanza ndi kudana ndi kuwala komanso phokoso. Ena amayamba aona timizere tonyezimira m'maso ululu usanafike. Munthu mmodzi mwa 7 aliwonse padziko ali ndi matendawa, ndipo akazi amachuluka pafupifupi katatu kuposa amuna, mwa zina chifukwa cha kutsika kwa estrogen, timadzi ta m'thupi timene timachepa mkazi akamayandikira kusamba. Mankhwala atsopano otsekereza CGRP, puloteni imene mtsempha waukulu wa kunkhope umatulutsa mutuwu ukayamba, anavomerezedwa ku America mu 2018, koma mtengo wake ndi wosayamba kwa wantchito wa ku Capital Hill.

Chimene madokotala amagwirizana n'chakuti ubongo wa wodwalayu umadana ndi kusinthasintha, kaya kwa nthawi yodya, yogona kapena kuchuluka kwa madzi m'thupi. Ngakhale chokoleti chimanamiziridwa nthawi zina, popeza chilakolako cha zotsekemera chimatha kukhala chizindikiro chakuti mutu wayamba kale m'katimo, ndipo munthu akadya n'kudwala amaloza chala chakudyacho. Njala ndiyo siinamiziridwa, ndipo mu Lilongwe muno ili ndi malo ake odziwika, amene ndi misonkhano.

Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa mu hotela akudziwa mmene tsikulo limayendera. Kalaliki wachoka ku Area 25 kapena ku Likuni 6 koloko isanakwane, atangomwa tiyi wopanda mkute pothawa mdipiti wa magalimoto. Ndondomeko ikunena kuti mwambo uyamba 9 koloko, koma mlendo wolemekezeka akutulukira 11 koloko itapitirira, olankhula aliyense n'kuyamba wapereka ulemu kwa akuluakulu onse mmodzimmodzi, ndipo nkhomaliro, imene inalembedwa kuti ndi ya 12:30, ikudyedwa 3 koloko nsima itauma pamwamba. Patebulo pali kabotolo kamodzi ka madzi ndi maswiti a timbewu m'kambale, kunja dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya, kutanthauza kuti mavuto amafikira wamkulu, koma pa misonkhano imeneyi mutu waukulu umabwera utadya kale kunyumba, ndipo nkhonya zimagwera timitu ta m'mizere ya kumbuyo, timene sitingatuluke mlendo asanatsegulire mwambo. Kusasunga nthawi kwakhala kukudandaulidwa ngati nkhani ya ulemu ndi ya ndalama za boma, koma n'koyeneranso kukuwerengera pa zinthu zodwalitsa anthu.

Loweruka nalonso lili ndi msampha wake, chifukwa amene wakhala akumwa makapu angapo a khofi kuntchito sabata yonse akagona mpaka 9 koloko n'kuchedwa kumwa, thupi limasowa kafeini, mankhwala ogalamutsa a mu khofi, tiyi ndi zakumwa zina za m'mabotolo, ndipo mutu umayamba tsiku lomwe amayembekeza kupuma.

Ambiri amathamangira ku golosale kukagula Panado, asipirini kapena bufeni, osadziwa kuti kumwa mankhwala otere masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi kwa miyezi yoposa 3 kumayambitsa mutu wina wosatherapo, ndipo kwa mapiritsi osakaniza ndi kafeini malire ake ndi masiku 10 okha. Zothandiza kwenikweni n'zosasangalatsa kumva: kudzuka nthawi imodzimodzi ngakhale Lamulungu, kusunga mtedza wokazinga, nthochi kapena mbatata yophika m'chikwama, kunyamula botolo lakelake la madzi, kuyenda ndawala madzulo dzuwa likapepa, ndi kulemba m'kope kwa miyezi iwiri kapena itatu tsiku limene mutu wabwera, zimene anadya, nthawi imene anagona ndi mapiritsi amene anamwa. Kope limeneli ndi limene limauza dokotala ngati wodwalayo akufunika mankhwala oteteza omwa tsiku lililonse, komanso ngati pali chakudya chimene chimamuyambitsiradi mutu iyeyo payekha.

Kope lilibe ntchito pamene mutu wabwera mwadzidzidzi ndi ukali umene munthu sanaumvepo, kapena ukubwera ndi kutentha thupi, kuuma khosi, kufooka mbali imodzi kapena kusokonekera maganizo, chifukwa malungo, matenda oumitsa khosi ndi sitiroko zimayambanso ndi mutu, ndipo mayi woyembekezera amene mutu ukumupweteka kwambiri maso akuchita chidima ayenera kukayezetsa kuthamanga kwa magazi tsiku lomwelo, ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central Hospital.