Katuni wamdima asakuopseni, khalani pansi muonere limodzi

Makolo anzanga a ku Biwi, ana athu masiku ano akumagona mochedwa chifukwa cha makatuni ankhondo, ena pafoni ya bambo, ena kuvidiyo sho. Mayi akasuzumira n'kuona chithunzi chili bii ngati magetsi athima, mayina ake achilendo, amathamangira kunena kuti ndi zausatana. Enanso salabadira, ati bola mwana ali phee. Njira zonse ziwirizi n'zolakwika.

Titenge chitsanzo cha katuni wa Star Wars: The Clone Wars, yemwe anayamba kuonetsedwa mu 2008. Mu 2011 munatuluka zigawo zinayi za nkhondo yochitikira kudziko longopeka lotchedwa Umbara, komwe usana ndi usiku n'chimodzimodzi, mdima wokhawokha. Dzinali silamatsenga ayi. Likuchokera ku mawu a Chilatini akuti umbra, kutanthauza mthunzi. Chilatini chake ndi chomwechi ankachitira Misa agogo athu Akatolika, chomwenso Kamuzu anafuna kuti ana aziphunzira pomwe amatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981.

Mtsogoleri wa asilikali ndi Rex, kutanthauza mfumu pa Chilatini. Msilikali wina ndi Dogma, mawu omwe Chilatini chinabwereka ku Chigiriki, onena za chiphunzitso chosafunika kuchitsutsa. Nanga si ifenso timatero? Mwana tikamutcha Mavuto kapena Chimwemwe, ndiye kuti tafotokoza kale nkhani.

Tsono mdimawo ukuimira chiyani? Asilikaliwa apatsidwa mkulu wankhondo watsopano, Pong Krell, yemwe amawaitana ndi manambala m'malo mwa mayina. Iyeyu akunamiza magulu awiri a asilikali ake omwe kuti adani avala yunifolomu yawo. Mumdimamo abale akuomberana okhaokha, ndipo akudzazindikira atavula zisoti kuti aphana pachibale. Dogma uja ankangoti zomwe bwana wanena ndi zomwezo, koma pamapeto ndi yemwe akuombera Krell atadziwa kuti wapusitsidwa. Mdima weniweni sunali kumwamba, unali mumtima mwa mtsogoleri.

Apa ndiye pagona nkhani, abale anga. Timaphunzitsa ana kuti wamkulu salakwa, wamkulu sayankhidwa. Ulemu ndi wabwino, koma anthu ambiri ogwirira ana sachokera kutali. Amakhala malume, alendi anzathu papoloti, kapena wina amene mwana amamulemekeza, ndipo chida chawo ndi mawu akuti, "Usakauze munthu." Mwana wongodziwa kumvera basi amakhala chete mpaka zinthu zitafika poipa.

Ndiye chitani izi. Choyamba, onerani nokha musanamulole. Zigawo za Umbara zili ndi imfa zambiri, si za mwana wa kumkaka. Chachiwiri, ngati ndi wosinkhukirapo, wa Sitandade 7 kapena 8, khalani naye pamphasa. Mufunseni: "Dzina ili akutanthauza chiyani? N'chifukwa chiyani kuli mdima? Iwe ukanakhala Rex ukanatani?" Mudzadabwa zomwe zili m'mutu mwake. Chachitatu, muuzeni mosapita m'mbali kuti wamkulu aliyense akamuuza zomuchititsa manyazi kapena mantha, akane ndipo abwere adzanene, simudzamukwapula.

Inu bambo, musasiyire mayi okha ntchitoyi. Mukaweruka kugalaja ku Biwi Triangle kapena kumsika, mphindi 20 zokha zikukwanira chigawo chimodzi. Ndipo musakanganirane pamaso pa mwana, wina kuti aonere wina kuti asaonere. Gwirizanani kuchipinda nthawi yoonera, foni izizimitsidwa ikakwana nthawi yogona, homuweki izikhala patsogolo.

M'mera mpoyamba. Mwana amene lero wakufotokozerani za Umbara momasuka ndi yemweyo mawa adzakuuzeni za munthu amene akumuitanira kuseri kwa nyumba.

Tionana Lamulungu likubwerali.