Tikamawerenga makapu a phala, tiwerengenso madzi otsukira

Nkhani ya chakudya chaulere m'sukulu ikamakambidwa, kaya pa wailesi kaya m'malipoti, nambala imene imamveka ndi imodzi: ana angati alandira phala. Ndi nambala yonyaditsa. Bungwe la Mary's Meals linayamba mu 2002 ndi ana 200 okha kuno ku Malawi, ndipo lero limadyetsa ana oposa 1 miliyoni m'dziko muno. WFP nayo yakhala ikudyetsa ana m'maboma angapo. Palibe angatsutse kuti Likuni Phala labweza ana ambiri m'kalasi.

Funso langa lili kuseri kwa khitchini. Phala likagawidwa, zotsala mumphika zimapita kuti? Nanga madzi otsukira makapu amathera kuti? Ine ndikuti khitchini iliyonse yophikira ana chakudya chaulere ikhale ndi malamulo olembedwa pa zinthu ziwirizi, ndipo ndalama zake zizichokera mu bajeti yomweyo yogulira ufa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze sukulu ya ana 1,500, kapu iliyonse n'kutsukidwa ndi kota ya lita. Amenewo ndi malita 375, pafupifupi ndowa 19 za malita 20, tisanawerengere miphika, mithiko ndi madzi osamba m'manja. Madziwa sali ngati a mvula. Ali ndi ufa ndi soya, ndipo akaima padzuwa amasasa n'kuyamba kununkha. Akamakhuthulidwa malo amodzi masiku asanu pa sabata, pamakhala chithaphwi chosauma. Ntchentche yochokera ku chimbudzi cha sukulu imatera pamenepo, kenako n'kukatera pa kapu ya mwana. Madzi oima ndiwonso nyumba ya udzudzu. Choopsa kwambiri n'chakuti anthu amakonda kutsukira pafupi ndi mjigo chifukwa madzi ndi olemera kusenza, choncho zonyansazo zimalowa pansi pafupi ndi pamene mudzi wonse umatunga.

Sitinaiwale kolera. Inayamba ku Machinga mu March 2022, inagwira anthu oposa 58,000 ndipo inapha oposa 1,700. Mu January 2023 boma linachedwetsa kutsegula sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Matenda amenewa amayenda m'madzi ndi m'chakudya. Malo amene ana mazanamazana amadyera mumphika umodzi ndi malo amene kulakwitsa kamodzi kumagoneka mudzi wonse.

Wina anena kuti, "Dziko la njala ngati lino, chakudya chotsala chichokera kuti? Ana amakombeza mpaka nkhoko." Masiku ambiri n'zoona. Koma pali masiku amvula pamene theka la ana silibwera koma ufa wayezedwa kale, pali phala lopserera, pali matumba a ufa amene alowa chinyezi kapena afumbwa m'sitolo. Ndipo poti palibe amene amafuna kutaya chakudya, ngozi yake ili pomwepo. Phala lotsala limasungidwira a masana kapena limapita kunyumba m'kontena. Malangizo a WHO amati chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri chisanadyedwe. Pali kachirombo kotchedwa Bacillus cereus kamene kamakonda zakudya za ufa ndi mpunga. Njere zake sizifa pophika, zimadzuka chakudya chikamazizira pang'onopang'ono, ndipo poizoni wake wina satha ngakhale mutenthetsenso. Mayi wosunga phala ndi mtima wabwino akhoza kudwalitsa ana amene amafuna kuwathandiza.

Kuti tione zimene zimachitika chakudya chikathamanga kusiya malamulo m'mbuyo, tiyang'ane dziko lina limene layamba ntchito yotereyi posachedwapa. Pa 6 January 2025, boma la Prabowo Subianto ku Indonesia linakhazikitsa ndondomeko ya Makan Bergizi Gratis, yofuna kudyetsa anthu oposa 80 miliyoni. Khitchini imodzi imaphikira anthu pafupifupi 3,000 patsiku. Chaka chisanathe, ana zikwizikwi anadwala atadya chakudyacho, ndipo mu September 2025 ku West Bandung kokha anadwala oposa 1,000. Apa m'pamene boma linalimbikira zoti khitchini iliyonse ikhale ndi satifiketi ya ukhondo. Dzikolo ndi lolemera kuposa lathu, koma linadikira ana agonekedwe m'chipatala kuti likhwimitse malamulo. Ife tili ndi mwayi wophunzirapo ulere, makamaka pano pamene sukulu zina zayamba kugula nyemba, masamba ndi mbatata kwa alimi apafupi. Zakudya zimenezi n'zabwino kuposa phala lokha, koma zimabwera ndi makoko, mafuta ndi madzi otsukira ochuluka.

Malamulo amene ndikunena si a fakitale. Akhoza kukwana pa pepala limodzi, m'chiyankhulo cha ophikawo, lomatidwa pakhoma la khitchini.

Choyamba, ufa uziyezedwa potengera ana amene abwera tsikulo, osati amene ali mu kaundula, ndipo zotsala zizilembedwa m'kope. Chimene sichilembedwa sichikonzedwa.

Chachiwiri, phala likapitirira maola awiri lisaperekedwenso kwa mwana. Lipite kudzenje la manyowa lovundikira, limodzi ndi makoko ndi phulusa la pa mbaula, kuti lidzathandize dimba la sukulu.

Chachitatu, madzi otsukira asefedwe kaye kuchotsa zotsalira, kenako alowe m'dzenje lodzaza miyala ndi mchenga, kumunsi kwa mjigo, mamita osachepera 30 kuchokera pamene anthu amatunga. Kumene amaphika ndi mafuta, pakhale kathanki kogwira mafutawo, apo ayi dzenje limatsekeka msanga. Nthochi zobzalidwa mozungulira zimamwa madzi otsalawo.

Chachinayi, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo aziyendera khitchini teremu iliyonse, n'kusainira zimene wapeza.

Mantha ena ndi akuti malamulo adzatseketsa makhitchini, ana n'kugona ndi njala. Mantha amenewa ndi omveka, n'chifukwa chake ndikuti lamulo libwere ndi ndalama komanso nthawi yokonzera. Kutseka kukhale komalizira. Ophika phala ambiri ndi amayi ongodzipereka, amene amalawira m'bandakucha kukatunga madzi ndi kusonkha moto popanda malipiro. Kuwauza kuti akumbenso maenje ndi kugula sopo m'thumba mwawo n'kuwasenzetsa katundu wa boma. Amene akugula ufa, kaya ndi unduna kaya bungwe, agulenso sefa, sopo, klorini ndi simenti. Poyerekeza ndi mtengo wa ufa wa chaka chonse, zimenezi n'zochepa.

Malamulo akuluakulu tili nawo kale. Public Health Act ndi ya 1948, ndipo Environment Management Act ya 2017 ndi imene inakhazikitsa MEPA. Koma mayi amene wanyamula beseni la madzi otsukira sangatsegule mabuku amenewa kuti adziwe kokhuthulira. Pakufunika wina awamasulire kukhala malangizo a pakhitchini, ndipo makhonsolo awatsatire.

Apa ndi pamene ife ophunzira tikulowa. Chaka chilichonse anzathu a zaumoyo wa chilengedwe ku MUBAS, a zakudya ndi ulimi ku LUANAR ndi ena ku KUHeS amavutika kusaka mutu wa kafukufuku. Mutu ndi uwu. Pitani pa pulayimale yapafupi, pemphani chilolezo kwa ahedi, yezani madzi amene akutayidwa pa sabata, yezani mtunda wofika pa mjigo, funsani ophika zimene amachita ndi zotsala. Mukamaliza, kopi imodzi musaisiye mu laibulale. Ikafike kwa komiti ya sukuluyo ndi kwa mkulu wa zaumoyo ku khonsolo.