Kalumo ka mlendo kamete yani?

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mau ameneŵa timaŵamva nthaŵi zonse kampani yakunja ikagula fakitale ya muno m'Malaŵi. Ife sititsutsa kuti alendo amabwera ndi ndalama, makina atsopano ndi luso. Koma mbiri ya mafakitale athu ikutiphunzitsa kuti phindu la dziko limagona pa funso limodzi: kodi mwini watsopanoyo zipangizo zake azizigula kuti?

Taonani shuga. M'chaka cha 1997 kampani ya Illovo ya ku South Africa idagula minda ndi zigayo za nzimbe za ku Nchalo ndi ku Dwangwa kuchokera kwa Lonrho. M'chaka cha 2006 Associated British Foods ya ku Mangalande idatenga gawo lalikulu la Illovoyo, ndipo mu 2016 idaimaliza yonse. Eni ake asintha kaŵiri, koma zigayo zikulirabe. Chifukwa chake nchakuti nzimbe ikadulidwa siichedwa kutaya kutsekemera kwake, kotero siingachokere kutsidya la nyanja. Afune asafune, mwini chigayo ayenera kusamala munda, madzi ndi alimi oyandikana naye.

Simenti idayenda njira ina. Lafarge ya ku France itagula Portland Cement mu 2001, sipadapite nthaŵi yaitali, ntchito yokumba ndi kuotcha miyala ku Changalume m'boma la Zomba idatsekedwa. Fakitale ya ku Blantyre idatsala nkumangopera miyala yootcha kale yochokera kumaiko ena. M'mabuku a kampani mwina zinthu zidaoneka bwino, koma ntchito za anthu zidatha ndipo ndalama zakunja zidayamba kutuluka. Huaxin ya ku China, imene idagula kampaniyi mu 2021, idasankha kumanga fakitale yootchera miyala ku Balaka. Apa tikuona kuti alendo aŵiri angathe kuyendetsa kampani imodzi mosiyana kotheratu.

Nkhaniyi ikumkhudzanso mlimi wa thonje wa ku Lisungwi m'boma la Neno. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead, imene boma lidaigulitsa mu 2003, idamangidwa kuti thonje lathu lizisanduka nsalu konkuno. Thonje likatuluka m'dziko lisanapotedwe, ife nkumabvala kaunjika, ndiye kuti malipiro a opota ulusi, oomba nsalu ndi osoka tawapereka kwa ana a eni ake, pamene ana athu omaliza sukulu akuotcha makala ogulitsa pa Zalewa.

Tsono tikupempha boma ndi aphungu athu kuti pobvomereza malonda otere asamangoyang'ana mtengo wogulira. Pangano linene poyera kuchuluka kwa zipangizo zogulidwa muno, makina amene adzaikidwe, ndi Amalaŵi amene adzaphunzitsidwe kuŵayendetsa. Ndipo wophwanya panganolo alipitsidwe. Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chimene chidzatsale akadzapita ndicho tiyenera kuchilemba iye asanalandire makiyi.