Chimfine sichifuna makapisozi

Amalawife timadzichiza mosemphanitsa. Nthenda yaing'ono yongofuna kupuma ndi kumwa madzi timaithira mankhwala amphamvu, pomwe yaikulu yofunika kuthamangira nayo kuchipatala timagona nayo m'nyumba, tikumeza Panado.

Paokala ina m'dera lathu pali botolo lomwe kale munkakhala maswiti, koma pano muli makapisozi. Munthu amafika akufwenthera n'kunena kuti, "Mundipatseko awiri achimfinewo." Wogulitsa amawakulunga m'kapepala, osafunsa n'komwe ngati wodwalayo ndi mwana kapena wamkulu. Makapisoziwo ndi amoxicillin, mankhwala opha mabakiteriya. Koma chimfine chimabwera ndi vayirasi, ndipo chimatha chokha pakapita sabata kapena masiku 10. Womwayo akachira amatamanda makapisozi, chonsecho thupi ladzimenyera lokha nkhondo.

Choipa chake n'chakuti tizirombo timawazolowera mankhwala omwedwa mwachisawawa, ndipo tsiku lomwe mwana adzagwidwe ndi chibayo, mankhwala omwewo akhoza osagwira ntchito. Zoterezi tinaziona kale pa malungo. M'chaka cha 1993 dziko lino linasiya chloroquine chifukwa anali atasiya kuchiza, ndipo mu 2007 tinasiyanso Fansidar n'kuyamba LA. Kodi tikufuna amoxicillin naye apite?

Ine sindikutsutsa kudzisamalira pakhomo. Chipatala chili kutali, thiransipoti yakwera, ndipo sikoyenera kuima pamzere tsiku lonse chifukwa cha mamina. Wachimfine agone, amwe madzi ambiri ndi tiyi wa mandimu ndi jinja. Uchi umafewetsa pakhosi, koma osapatsa khanda losakwana chaka. Mutu ukamawawa, wamkulu amwe mapiritsi awiri a Panado, adikire maola anayi kapena kuposerapo asanamwenso, ndipo asapyole mapiritsi asanu ndi atatu patsiku, chifukwa akachuluka amawononga chiwindi. Aspirin si wa ana.

Chomwe ndimafuna kuchiona m'nyumba iliyonse ndi paketi ya Thanzi ORS. Mwana akatsegula m'mimba, chomwe chimapha msanga ndi kutha kwa madzi m'thupi. Sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa kapena othira WaterGuard, muzimumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni, ngakhale akusanza. Otsala atayeni pakatha maola 24. Muwonjezere zinki kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo bere ndi phala zisaime. Komabe chimbudzi chikamatuluka chamadzi okhaokha motsatizana, mumwetseni muli panjira ya kuchipatala, chifukwa akhoza kukhala kolera. Kolera amene anayamba mu 2022 anapha anthu oposa 1,700, ndipo salola kuti munthu adikire kuche.

Malire ena a kudzisamalira pakhomo ali pa kutentha thupi. Kwathu kuno thupi likatentha timangoti ndi malungo, n'kufunafuna LA yemwe wina anasiya m'kabati. LA wotsalayo ndi umboni wakuti winawake sanamalize mankhwala ake, pakuti amayenera kumwedwa kawiri patsiku kwa masiku atatu mpaka kutha. Kuyezetsa n'kungobaya chala, zotsatira zimatuluka m'mphindi pafupifupi 20, ndipo m'zipatala za boma n'kwaulere. Panado amangoziziritsa thupi, malungo akupitirira kudya magazi.

Mwana akakana kuyamwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akamapuma mobanika, kapena maso ndi liwombo zikalowa, musayesenso zapakhomo. Khanda losakwana miyezi iwiri ndi mayi woyembekezera akatentha thupi, apite tsiku lomwelo. Chifuwa chikafika masabata awiri, kayezetseni TB.

Safunsa anadya phula. Alangizi a zaumoyo tili nawo m'midzi mwathu, ndipo Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011, chimayankha mafunso a zaumoyo pa foni mwaulere. Ndalama yomwe mukanagulira makapisozi paokala mugulire Thanzi ndi sopo, ndipo thupi likatentha pitani mukayezetse.