Za Zomera Zosunga Madzi

Mwezi wa October ukafika, munthu woyenda m'njira za ku Mgona kapena ku Chinsapo aona fumbi lokhalokha. Mvula inaleka kale m'mwezi wa April, udzu unauma, ndipo amai alikudikira ndi zidebe zao pa mpopi, pakuti kumeneko madzi ngogula. Koma pa makonde ena pali zitini, ndipo m'zitinimo muli zomera zobiriwira monga ngati ndi dzinja. Eni makondewo sali olemera koposa anansi ao iai. Iwo anangodziwa kusankha chobzala.

Pali zomera zina za masamba onenepa, zimene zisunga madzi m'masamba mwao monga munthu asunga chimanga m'nkhokwe. Tsamba la chomera chili chonse lili ndi timabowo tating'onoting'ono topumira. Zomera zambiri zitsegula timaboworo usana, ndipo dzuwa limwa madzi ao. Koma izi zitseka usana ndi kutsegula usiku pozizira. Chifukwa chake zikhoza kukhala masabata awiri kapena atatu osathiriridwa, osafota.

Chodziwika koposa ndicho aloe. Mtundu umene anthu autcha aloe vera unachokera ku Arabia, koma dziko lino lilinso ndi mitundu yakeyake, yomera m'ming'alu ya matanthwe pa mapiri. Umodzi wa mitunduyi unatumizidwa ku munda waukuru wa Kew ku London, ndipo m'chaka cha 1903 anaupatsa dzina lakuti Aloe cameronii. Aloe ameneyu ngodabwitsa: pa dzuwa lowawa masamba ake afiira ngati mkuwa, koma pa mthunzi abiriwira. China ndicho Sansevieria, cha masamba oimirira ngati mikondo, a mawangamawanga. Mitundu yake ina imera yokha m'thengo pansi pa mitengo ndi pa zulu, kotero kuti mthunzi wa khonde suisautsa konse. Chilinso china chochokera ku chisumbu cha Madagascar, dzina lake Bryophyllum, chimene ana achikonda kwambiri; pakuti tsamba lake likagwa pa dothi, m'mbali mwake muphuka tiana tokhala ndi mizu yao.

Tsono mwana ali yense wa sukulu ayenera kukhala nacho chitini chake chimodzi. Alipo ena amene anena kuti, Kodi maluwa nkudya? Zoonadi sadyedwa, ndipo pakhomo pamene madzi ali ogula nkupusa kubzala duwa lofuna chidebe tsiku ndi tsiku. Koma zomera izi sizilanda madzi a nsima. Kapu imodzi ya madzi otsukira mbatata iwakwanira sabata lonse. Ndiponso mabanja ambiri a ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 23 akhala m'nyumba za lendi, zopanda malo a dimba. Mtengo wa mango munthu sausenza posamuka. Chitini achinyamula pamutu pamodzi ndi mphika. Mwana amene makolo ake asamukasamuka nchabwino akhale nacho chamoyo chimodzi chimene anachilera yekha, nachitcha chake.

Kabzalidwe kake nkosavuta, koma anthu ambiri alakwa pa chinthu chimodzi. Chitini aboole pansi ndi msomali, aikemo timiyala kapena timakala, ndipo dothi alisanganize ndi mchenga wa kumtsinje. Mphukira kapena tsamba loduka aligoneke pa mthunzi masiku awiri kuti bala lake liume, ndipo pamenepo abzale. Achiike pamene dzuwa la m'mawa lifika, koma la masana lipita pamwamba pa denga. Mdima wa m'kati mwa nyumba suyenera. Chomeracho chitalika chowonda ndi chotumbuluka. Tsono kulakwa kuja ndiko chifundo choposa. Mwana wachangu athirira m'mawa ndi madzulo, nayesa kuti achita bwino, koma mizu iola ndipo tsinde lifewa ngati dzungu lovunda. Apise chala m'dothi. Likakhala lonyowa aleke. Madzi asaime m'mbale pansi pa chitini, pakuti m'menemo udzudzu uswana, nubweretsa malungo. Dzinja likadza achichotse pamene denga lidonthezera.

Mbeu asakazule kuphiri. Aloe wa pa thanthwe akula pang'onopang'ono, ndipo maluwa ake ofiira adyetsa mbalame zotsopa timadzi m'nyengo ya chilimwe, pamene maluwa ena asowa. Nkwabwino kupempha mphukira kwa mnansi, pakuti chitini chimodzi chibala zambiri, ndipo mai wa ulemu samana mwana wopempha atagwada.

Nkhadze nayonso isunga madzi, koma malo ake ndi ku mpanda, pa dzuwa. Pakhonde posewera makanda isafike, chifukwa mkaka wake ukalowa m'diso uwawa koopsa, ndipo ukhoza kuliononga. Wogwira nkhadze asambe m'manja ndi sopo asanakhudze kumaso.