Mwana akatupa, mkodzo wake uyezedwe

Mwana akamadzuka zikope zitatupa, pofika madzulo miyendo n'kutupanso, mabanja ambiri amakhala ndi mayankho awiri. Akuluakulu amati ndi tsempho, ndiye chala chimaloza bambo kapena mayi kuti wina adasempha mwambo. Anansi nawo amati mwanayo akuperewera zakudya m'thupi. Pamene anthu akulozana zala chonchi, palibe amene amaganizako za impso.

Pali matenda a impso amene madokotala amawatchula kuti nephrotic syndrome, omwe amakonda kugwira ana a zaka zapakati pa 2 ndi 6. Impso zili ngati sefa: zimachotsa zoipa m'magazi n'kusiya zofunika. Pa matendawa sefayo imabooka, ndipo mapuloteni amene amagwira madzi m'mitsempha amatayikira mumkodzo. Zikatero madzi amadzadza kumaso, m'miyendo, m'mimba, mwinanso kumaliseche. Mkodzo umachepa ndipo umachita thovu ngati wathiridwa sopo.

Kutupa kwake kumafanana ndi kwa kwashiorkor, n'chifukwa chake mwana akhoza kudyetsedwa chiponde masabata angapo koma osasintha. Chonsecho kusiyanitsa ndi kosavuta. Kapepala koviika mumkodzo kamaonetsa m'mphindi zochepa ngati muli mapuloteni ambiri. Apa ndiye pagona nkhani: mwana aliyense wotupa ayezedwe mkodzo, ndipo kholo lisachite manyazi kupempha zimenezi kuchipatala. Safunsa adadya phula.

Mwa ana ambiri chiyambi cha matendawa sichidziwika, ndipo si mlandu wa bambo kapena mayi. Mwa ena amabwera ndi HIV, hepatitis B kapena mtundu wina wa malungo, choncho madokotala amayezanso magazi.

Mankhwala alipo, ndipo odalirika ndi prednisolone. Mwana amamwa kwa masabata 8 mpaka 12, poyamba tsiku lililonse kenako modumphitsa tsiku. Ambiri amaphwa m'masabata anayi oyambirira. Amene mankhwalawa sakuwathandiza amatumizidwa kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Vuto limadza mwana akangophwa. Makolo ena amasiya kumupatsa mankhwala poganiza kuti wachira, ena amaopa poona masaya akukula ndiponso akudya mosakhuta. Zimenezi zimatha mankhwala akamachepetsedwa, koma kuwasiya mwadzidzidzi ndi koopsa. Kugula prednisolone pamsika n'kumamwetsa mwana mongoyerekeza ndi koopsanso, monganso kumupatsa Brufen kapena zitsamba zosadziwika mlingo, pakuti zikhoza kupweteka impso zofooka kale.

Kunyumba, mdani wamkulu ndi mchere chifukwa umasunga madzi m'thupi. Tchipisi cha pachiwaya, kanyenya, nsomba zoumitsa ndi mchere komanso tizakudya ta m'mapaketi ta pagolosale ziyambe zadikira. Mwana adye nsima ndi nyemba, mazira ndi masamba monga mwa nthawi zonse, koma ndiwo zake zipatulidwe mchere usanathiridwe.

Chitetezo cha mwana wotere chimakhala chotsika. Akatentha thupi, akamva kupweteka m'mimba, akamabanika kapena akakhala pafupi ndi wodwala katsabola kapena chikuku, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Agone m'masikito usiku uliwonse.

Matendawa amakonda kubwerera, nthawi zambiri mwana akadwala chimfine. Izi sizitanthauza kuti walodzedwa kapena kuti achipatala alephera. Ambiri amasiya kutupa akamafika paunyamata, impso zawo zili bwinobwino.

Unduna wa Zaumoyo uonetsetse kuti timapepala toyezera mkodzo tikupezeka m'zipatala zing'onozing'ono, osati kuboma kokha. Ankhoswe ndi agogo nawo akamva kuti mdzukulu watupa, ayambe afunsa ngati mkodzo wayezedwa asanakhalitse banja pansi.